PHUNZIRO LA MABANDI A M'MAKALABU: Yambani gitala pa liwiro la bilimankhwe

Phunziro la ulendo uno ndi la inu amene mumagwira gitala m'mabandi a m'makalabu athu, komanso inu amene mumangoisirira chapatali poti mpata woigwira simunaupezebe. Mukhoza kuliwerenga panokha, koma ndi bwino kuliwerenga pagulu gitala ili pomwepo, kuti zimene zikunenedwazo muziziyesa nthawi yomweyo.

Tonse tikudziwa mmene zimakhalira. Kalabu ili ndi mamembala makumi awiri kapena kupitirira, gitala ndi imodzi, mwina yobwereka kutchalitchi, mwina yokhoma tokha ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Tsiku la pulakatisi aliyense amaigwira mphindi khumi basi, mnzake ali kale pambali kudikira. Ndiye taonani zimene ambiri amachita ndi mphindi khumizo. Munthu amayamba nyimbo pa liwiro lomwe anaimvera pa wailesi. Akafika pamalo povuta zala zimakodwa, iye n'kupukusa mutu, n'kuyambiranso pachiyambi. Afikanso pomwe paja, akodwanso. Kachitatu, kachinayi, chimodzimodzi, mpaka nthawi yake yatha. Pa tsiku la chionetsero, amfumu, makolo ndi aphunzitsi atakhala pansi pa mtengo wa mango, gitala imakodwa pamalo pomwe paja. Oyimba mawu amasokonezeka, ana amafa nalo phwete, ndipo uthenga umene gulu lakhala likukonza mwezi wathunthu palibe amene amaumva. Alipo anzathu amene anasiyiratu gitala chifukwa cha manyazi a tsiku limodzi lotere, n'kumanena kuti iwo alibe luso. Luso anali nalo. Chimene chinawagwetsa ndi kaphunziridwe.

Zala sizidziwa kusankha

Taganizirani kanjira kopita kudimba kapena kumjigo. Palibe amene anakalambula ndi khasu. Kanapangika chifukwa mapazi ankaponda pamodzimodzi tsiku ndi tsiku mpaka udzu unaleka kumera. Ngati oyamba kudutsa anakhotera kuminga, kanjirako kamakhala kokhotera kuminga, ndipo aliyense amangokatsata osaganiza n'komwe. Ubongo ndi zala zimaphunzira motero. Chilichonse chimene mwabwereza, cholondola kapena cholakwika, chimasanduka njira. Zala sizidziwa kuti apa talakwitsa, tisasunge. Zimangosunga basi. Choncho mnzathu uja wakodwa kasanu pamalo amodzi sanangotaya nthawi ayi, waphunzitsa zala zake kukodwa, ndipo zaphunzira bwino lomwe.

Izi si zongoganizira. M'chaka cha 2009 mphunzitsi wa zoyimbayimba wa pa yunivesite ya Texas ku America, Robert Duke, ndi anzake awiri anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita ndi ophunzira 17 odziwa kale kuyimba piyano. Onse anapatsidwa kachigawo kamodzimodzi ka nyimbo, kakafupi koma kovuta, n'kuuzidwa kuti ayeserere nthawi imene angafune, mawa lake abwere adzayesedwe. Mwina mukuganiza kuti anapambana ndi amene anakhalitsa pa piyanopo. Ayi ndithu. Kutalika kwa nthawi sikunasiyanitse opambana ndi otsalira, ngakhalenso kuchuluka kwa maulendo amene munthu anabwereza kachigawoko. Chimene chinaoneka n'chakuti amene anakabwereza molakwitsa kambirimbiri ndiwo anatsalira m'mbuyo. Atatu amene anaposa onse ankalakwitsanso ngati anzawo, koma akalakwitsa ankapeza malo enieni pamene palakwika, n'kuchepetsa liwiro, n'kubwereza pomwepo mpaka pataongoka. Nthawi zambiri ankayamba kuchedwetsa asanafike n'komwe pamalo povutapo, kuti cholakwikacho chisachitikenso.

Piyano si gitala, koma zala ndi ubongo n'zomwezo. Ndipo kwa ife a gitala imodzi nkhaniyi ndi yolimbitsa mtima. Mphindi khumi zija zikhoza kukwana, bola tidziwe chochita nazo.

Pang'onopang'ono wake wotani?

Mukamuuza munthu kuti chepetsa liwiro, amangochepetsako pang'ono ngati minibasi ikadutsa pa hampu, kenako uyo wabwerera mwakale. Si zimenezo. Tikunena liwiro la bilimankhwe, lija amanyamula mwendo, kuima kaye, kuyang'ana, kenako n'kuponda.

Kunali katswiri wina wa piyano wa ku Russia, Sergei Rachmaninoff, amene anamwalira mu 1943. Woyimba mnzake wa ku America, Abram Chasins, analemba m'buku lake kuti tsiku lina atapita kukamuchezera anaima pakhomo n'kumamvetsera akuyeserera m'nyumbamo. Kwa kanthawi sanathe kuzindikira kuti ndi nyimbo yanji, chonsecho inali nyimbo yotchuka ya Chopin. Kachigawo kamene pabwalo kamayimbidwa m'masekondi osakwana awiri, mkuluyo ankakayimba masekondi pafupifupi 20. Ameneyutu anali munthu woti dziko lonse linkamudziwa kale, osati wophunzira. Muyeso wake tiutenge pomwepo. Ngati munthu wodutsa pamsewu angathe kutchula nyimbo imene mukuyeserera pamalo povuta paja, ndiye kuti mukuthamangabe.

Koma kuchedwa pakokha si mankhwala. Mukhoza kuyimba pang'onopang'ono uku mukukangana za Bullets ndi Wanderers, osapindula kanthu. Timachedwetsa n'cholinga choti maso, makutu ndi maganizo zipeze mpata woona zimene zala zikuchita. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tiyese ndi gitala m'manja.

Ntchito yoyamba: nsambo imafuna mphamvu yochuluka bwanji?

Wengani kaye zikhadabo za dzanja lodina nsambo. Ikani chala chamkombaphala pa nsambo imodzi, pafupi penipeni ndi kachitsulo kopingasa kaja timati fureti, kumbuyo kwake osati pamwamba pake. Musadine, ingokhudzani. Menyani nsamboyo ndi dzanja linalo. Ingoti phu, osalira. Onjezerani mphamvu pang'ono zedi, menyaninso. Pitirizani choncho. Ifika poyamba kulira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo, kenako mukangoonjezera pang'ono chabe mawu atuluka oyera. Imani pamenepo, ndipo mumve m'chala mmene mwadinira.

Mphamvu imeneyo ndiyo yonse imene nsambo ikufuna. Ambiri akayesa amaseka okha, chifukwa masiku onsewa akhala akufinya khosi la gitala ngati akupha nkhuku ya alendo. Mphamvu yapaderayo ndi imene imapweteketsa zala ndi mkono, komanso ndi imene imachedwetsa, poti chala chimene chakakamira sichinyamuka msanga. Tsopano sunthani chalacho chitalikire ndi fureti, mubwereze. Muona kuti pakufunika mphamvu yambiri kuti mawu ayere. Mwaphunzira zinthu ziwiri pa nsambo imodzi, nyimbo musanaiyambe n'komwe.

Inu a magitala okhoma nokha, onaninso ngati nsambo sizinatalikirane kwambiri ndi khosi la gitala. Zikakwera kwambiri vuto silikhala zala zanu. Palani pang'ono kamtengo kamene nsambo zatsamirapo kuti zitsike, koma osati mpaka kukhudza mafureti.

Ntchito yachiwiri: ulendo wochoka pa kiyi ina kupita pa inzake

Apa ndiye tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Nyimbo zathu zambiri, za kutchalitchi ndi za m'mabandi zomwe, zimazungulira pa makiyi atatu kapena anayi, monga G, C, D ndi A minor. Kugwira kiyi imodzi sikuvuta kwenikweni. Chovuta ndi ulendo wa pakati.

Tiwerenge nsambo motere: yaing'ono ya pansi ndi nambala 1, yaikulu ya pamwamba ndi nambala 6. Gwirani C. Chala cha mphete chili pa nsambo 5 fureti 3, chapakati pa nsambo 4 fureti 2, chamkombaphala pa nsambo 2 fureti 1. Tsopano pitani pa A minor monga mumachitira masiku onse, mnzanu akuyang'ana. Ambiri amanyamula zala zonse zitatu m'mwamba ngati agwira mbale yotentha, kenako n'kumazitsitsa chimodzichimodzi. Bwerezani ulendo womwewo, koma mnzanu awerenge mpaka 8 inu musanafike. Mwaona? Chamkombaphala ndi chapakati zili pamalo amodzimodzi pa makiyi onse awiri. Sizifunika kunyamuka n'komwe. Choyenda ndi chimodzi chokha, cha mphete, kuchoka pa nsambo 5 fureti 3 kupita pa nsambo 3 fureti 2. Munthu akhoza kuyimba zaka ziwiri osaziona zimenezi, chifukwa pa liwiro maso sapeza mpata.

Kuchoka pa G kupita pa C kulinso chinsinsi chake. Ambiri anaphunzitsidwa kugwira G ndi chamkombaphala, chapakati ndi cha mphete. Sikulakwa, koma popita pa C dzanja lonse limayenera kutembenuka. Tayesani kugwira G chonchi: cha mphete pa nsambo 6 fureti 3, chapakati pa nsambo 5 fureti 2, kachala kakang'ono kotsiriza pa nsambo 1 fureti 3. Tsopano popita pa C, cha mphete ndi chapakati zimangotsika nsambo imodzi chilichonse, limodzi, ngati anthu awiri onyamula thabwa. Chamkombaphala chimene chinali chikudikira chimangotera pamalo pake, kakang'ono kaja n'kunyamuka. Poyamba kachala kakang'onoko kamakana, kamanjenjemera, koma kamazolowera. Ine ndimaona kuti kagwiridwe aka n'koyenera kuvutikira, makamaka pa nyimbo zosinthasintha G ndi C mwachangu.

Pamene mukuyenda ulendo wochedwawu, dzifunseni mafunso. Kodi ndikupuma, kapena ndagwira mpweya? Phewa lakwera mpaka kukhutu? Mano ndaluma? Chala chachikulu kuseri kwa khosi la gitala chikukanikiza ngati chikufuna kuboola? Mukapeza pamene pauma, imani, masulani, yambiraninso. Thupi likauma poyeserera lidzaumanso pabwalo, ndipo pamenepo mantha adzaonjezerapo awo.

Zikayamba kuyenda, tsinzinani. Malemu Allan Namoko a ku Thyolo, amene ankayimba ndi gulu la Chimvu River Jazz Band ndipo anamwalira mu 1995, anali osaona, koma mpaka lero anthu amagomabe ndi kayimbidwe kawo ka banjo ndi gitala. Zala ndi makutu zinali zokwanira. Inunso mukatsinzina muyamba kumva zinthu zimene maso amabisa: nsambo imene chala china chikuikhudza mwangozi, kapena kiyi imene imafika mochedwa pang'ono.

Ntchito yachitatu: dzanja lomenya nsambo

Amene munamverapo nyimbo za malemu Daniel Kachamba a m'mudzi mwa Singano ku Chileka, amene anabadwa mu 1947 n'kumwalira mu 1987, mukudziwa kuti gitala yawo inkamveka ngati akuyimba anthu awiri. Chala chachikulu chinkayendetsa besi pa nsambo zazikulu, chamkombaphala chikuyankha pa nsambo zing'onozing'ono. Kuti uzigwire ndi khutu lokha pa liwiro lake, n'zovuta zedi.

Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, amene anakumana ndi Daniel ndi mng'ono wake Donald mu 1967 ndipo pambuyo pake anajambula mafilimu a kayimbidwe ka Daniel, anali atakumana kale ndi vuto lotere. Mu 1962 anajambula filimu ya anthu oyimba mangwilo kumpoto kwa Mozambique. Mangwilo amafanana ndi mangolongondo athu aja. Oyimbawo ankathamanga kwambiri moti kulemba nyimbo zawo pongomvera kunali kosatheka. Ndiye iye anatenga filimuyo n'kumaiona kachithunzi kamodzikamodzi, kuti aone ndodo iti yamenya pati ndipo nthawi yanji. Zimene anapeza anazisindikiza mu 1965. Taonani, munthu wophunzira chotero anayenera kuimitsa liwiro kuti aone zimene manja akuchita. Nanga ife?

Mwayi wake lero ntchito imeneyi ikutheka pa foni. Pa YouTube pali malo osinthira liwiro la vidiyo, mukhoza kuika pa 0.5 kapena 0.25, mawu osasintha kiyi. Ngati mu kalabu muli mmodzi wa foni yotere, sonkherani bandulo, sankhani masekondi khumi okha a woyimba amene mumamusirira, muonere limodzi kangapo. Musayang'ane dzanja la makiyi lokha monga amachitira ambiri. Yang'anani lomenya.

Poyeserera yambani ndi chala chachikulu chokha, nsambo 6 kenako nsambo 4, mobwerezabwereza, mutagwira G, phazi likugunda pansi. Chikakhazikika lowetsani chamkombaphala pa nsambo 1, kamodzi kokha pa kuzungulira kulikonse. Funso lofunika ndi ili: kodi chala ichi chikumenya limodzi ndi chachikulu, kapena chikulowa pakati? Amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi, munsi wina umatsika pamene wina wakwera. Kukoma kwa gitala ya kwathu kuno kwagona pa kulowerana kotereku, ndipo munthu amene sanakuyale pang'onopang'ono amangomenya zonse pamodzi, nyimbo n'kumveka phala.

Nanga liwiro lidzabwera liti?

Ndikudziwa ena mwayamba kale kudandaula kuti aise, ife tikufuna anthu avine, osati agone. Zoona. Liwiro timalikwera ngati makwerero. Wotchi ya pakhoma imagunda ka 60 pa mphindi, ndipo ndi poyambira pabwino. Pa foni palinso timapulogalamu taulere totchedwa metronome timene timagunda pa liwiro lililonse limene mwasankha. Zonsezi zikasowa, mnzanu wodekha azigogoda benchi ndi kamtengo. Sinthani kiyi pa kugunda kwachinayi kulikonse. Mukakhoza kasanu motsatizana, popanda kukodwa ndiponso phewa lili lomasuka, kwezani liwiro pang'ono, mwina kuchoka pa 60 kufika pa 65. Mukakodwa kawiri, tsikaninso. Palibe manyazi pamenepo.

Pali msampha umodzi umene ndiyenera kukuchenjezani. Kuyenda ndi kuthamanga n'zosiyana, miyendo siyenda mofanana. Poyimba mochedwa munthu akhoza kuzolowera mayendedwe amene pa liwiro sangatheke, monga kunyamula zala m'mwamba kwambiri, kapena kumenya nsambo chotsitsa chokhachokha pamene nyimboyo imafuna kutsitsa ndi kukweza. Kumbukirani mmene amabwerezera chigoli pa kanema wa mpira. Wosewera amaoneka akuyenda pang'onopang'ono, koma mwendo ukuchita zomwe zija unachita pothamanga. Kuyeserera kwanu kukhale kotero. N'chifukwa chake nthawi ndi nthawi muzitenga kachidutswa kakang'ono, kusintha kumodzi kokha kapena manotsi atatu, n'kukayesa pa liwiro lenileni la nyimbo. Mukatero muona ngati njira imene mukulambulayo ingapirire kuthamanga. Ikakanika, bwererani kwa bilimankhwe mukakonze.

Musadabwenso mukaona kuti chimene chimakuvutani madzulo chayenda bwino m'mawa. Mu 2002 Matthew Walker ndi anzake a pa yunivesite ya Harvard anaphunzitsa anthu kudina mabatani motsatira ndondomeko ina ndi dzanja limene saligwiritsa ntchito kawirikawiri. Amene anagona usiku asanayesedwenso anapezeka akuthamanga kuposa kale ndi magawo pafupifupi 20 pa 100 aliwonse, osaonjezera zolakwika, pamene amene anangokhala maso kwa maola ofanana sanasinthe kwenikweni. Ubongo umapitiriza ntchito munthu ali m'tulo. Choncho mphindi khumi tsiku lililonse zimaposa maola awiri a Loweruka lokha. Ngati malamulo a kalabu amalola, gitala izigona kwa mamembala mosinthana m'kati mwa sabata m'malo mongokhala m'kabati. Ndipo dzanja likayamba kuwawa m'mfundo kapena kuchita dzanzi, lekani tsiku limenelo. Kuwawa kwa nsonga za zala kwa masiku oyamba n'kwachibadwa, koma kwa m'mfundo ayi.

Za pagulu

Amene akudikira gitala asamangokhala. Khalani awiriawiri, wina akuyimba, wina akuyang'ana phewa, zala ndi mpweya wa mnzake, n'kumamuuza mwaulemu. Woyang'anayo amaphunziranso kwambiri. Ena atenge kathabwa, ajambulepo mizere 6 ya nsambo ndi mizere yopingasa ya mafureti, aziyeserera ulendo wa zala pamenepo. Musanyoze zipangizo zosaoneka bwino. Yosefe Kalekeni wa Madalitso Band amayimba gitala ya nsambo zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene, mnzake Yobu Maligwa ali pa babatoni ya nsambo imodzi. Anayimba m'misewu ya Lilongwe zaka zambiri asanakayimbe ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako ku Ulaya.

Mawu amodzi kwa anyamata. M'makalabu ambiri mtsikana akangogwira gitala, wina amamulanda pasanathe mphindi ziwiri ati amuonetse, n'kuyamba kudzionetsera yekha. Mtsikanayo amabwerera kukayimba kolasi. Khalidwe limeneli lithe. Amene akuyamba kumene, mtsikana kaya mnyamata, ali ndi mwayi umene enanu mulibe, poti zala zake sizinasunge njira zokhota. Mupatseni mphindi zake zonse khumi, ndipo akamachedwa musamuwombere m'manja momufulumizitsa.

Mphindi khumizo mukhoza kuzigawa chonchi: ziwiri za ntchito yoyamba ija, zisanu ndi imodzi za malo amodzi okha ovuta, ziwiri zotsalazo yimbani nyimbo yonse mmene mungathere kuti mtima usangalale. Musanabalalike lero, aliyense atchule malo amodzi m'nyimbo ya kalabu pamene amakodwa, osati nyimbo yonse, koma malo enieni, monga pochoka pa D kubwerera pa G kolasi ikamayamba. Mlembi alembe m'kope la kalabu dzina, malowo ndi liwiro limene munthuyo wakhoza kasanu lero. Pa pulakatisi ya sabata ya mawa muyambire pa nambala imeneyo, ndipo pakatha mwezi tilembereni mutiuze pamene mwafika.